Nthenga ya nkhuku ndi kompyuta: zojambula za ku Joni

Mumzinda wa Johannesburg, umene agogo ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amangoutchula kuti Joni, muli dera lotchedwa Braamfontein. M'derali muli nyumba ziwiri zoyandikana, zoti munthu n'kuchoka pa ina kukafika pa inzake wapansi osatuluka thukuta. Yoyamba ndi Wits Art Museum, nyumba yosungiramo ndi kuonetseramo zaluso ya sukulu yaukachenjede ya Witwatersrand. Yachiwiri ndi Tshimologong, yomwe sukulu yomweyo idatsegula m'chaka cha 2016 pamsewu wa Juta kuti achinyamata aziphunziramo ntchito za makompyuta.

Kuyambira kumapeto kwa 2024 mpaka mwezi wa April 2025, m'nyumba yoyamba ija mudapachikidwa ntchito za Mayi Esther Mahlangu, mayi wa Chindebele amene adatchuka padziko lonse chifukwa chojambula ndi nthenga za nkhuku. M'nyumba yachiwiriyo anyamata ndi atsikana amagwira zolembera zopanda inki, maso ali pagalasi la kompyuta, ndipo nawonso amati akujambula.

Wina atha kufunsa kuti zimenezi zikumukhudza bwanji mlimi wa ku Mchinji, ku Katete kapena ku Angónia. Zikumukhudza ndithu. Komiti ya zaumoyo ikapeza kandalama kolembera uthenga wa kolera pakhoma la chipatala, imayenera kusankha pakati pa wolemba zikwangwani wa pamsika ndi makina osindikizira a m'tauni. Kalabu ya alimi a njuchi ikafuna chizindikiro chomata pabotolo la uchi, funso limakhala lomwelo. Ndipo m'mudzi uliwonse muli mwana amene amadzaza makope a masamu ndi zithunzi, makolo ake osadziwa ngati amukalipire kapena amugulire penti. Ku Joni nkhani imeneyi adayamba kalekale kulimbana nayo, ndipo zomwe zachitika kumeneko n'zothandiza kuzidziwa.

Mayi Mahlangu adabadwa mu 1935 kufupi ndi tauni ya Middelburg, m'chigawo chomwe lero chimatchedwa Mpumalanga. Adayamba kujambula ali ndi zaka 10, ndipo aphunzitsi awo adali mayi ndi agogo awo. Pakati pa Andebele, kukongoletsa makoma a nyumba ndi ntchito ya amayi, monga momwe kuzira kulili ntchito ya amayi pakati pa Achewa. Kale utoto wake udali dothi lamitundumitundu ndi ndowe za ng'ombe. Penti wa m'sitolo adabwera pambuyo. Chodabwitsa n'chakuti mizere yakuda yowongoka bwino imene imazungulira mitundu yowala ya zojambula zawo amailemba popanda rula kapena chingwe. Dzanja lokha ndi diso.

M'chaka cha 1989 adaitanidwa ku Paris kukajambula pachionetsero chachikulu chotchedwa Magiciens de la Terre, ndipo mu 1991 kampani ya BMW idawapatsa galimoto ya mtundu wa 525i kuti aikongoletse ngati khoma la kwawo. Pa akatswiri onse amene kampaniyo idawapatsapo ntchito yotereyi, iwo adali mayi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa. Mu 2018 sukulu ya University of Johannesburg idawalemekeza ndi digiri yaulemu.

Chomwe chidachitika mu 2024 ndicho choyenera kuchilingalira mofatsa. Chaka chimenecho, mumzinda wa Los Angeles, BMW idaonetsa galimoto ina yokutidwa ndi tizidutswa toposa 1,300 ta pepala lapadera losintha mtundu magetsi akadutsamo. Munthu akaima pafupi amaona mizere ndi mitundu ikusuntha, kuzimirira ndi kubweranso pathupi la galimotoyo. Ukadaulo wake ndi wozama, ndipo adaupanga ndi akatswiri ophunzira kwambiri. Koma chomwe akatswiriwo adaonetsa pagalimotopo adali mapatani a mayi uja wa nthenga za nkhuku. Makina adabweretsa kuyenda. Chooneka chidachokera kumudzi.

Nanga kujambula pakompyuta n'kotani kwenikweni? Ambiri amaganiza kuti munthu amangodina batani chithunzi n'kutuluka. Sizili choncho kwa wojambula weniweni. Iye amagwira cholembera chapulasitiki n'kumalemba pakathabwa kapadera kolumikizidwa ku kompyuta, kapena pagalasi lenilenilo la tabuleti kapena foni. Akasindikiza kwambiri mzere umanenepa, akapepuza dzanja umaonda. Chithunzi amachimanga mosanjikiza, ngati mapepala oonekera oikidwa pamwamba pa anzake: pansi thambo, pamwamba pake munda, pamwamba penipeni munthu wogwira khasu. Akafuna kusintha mtundu wa chitenje sakhudza munda. Akalakwitsa amabwerera m'mbuyo sitepe imodzi, kapena makumi awiri, ngati sipadachitike kanthu. Penti satha, burashi siuma, ndipo chithunzi chomwecho n'kuchitumiza ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku London m'kuphethira kwa diso.

Mapulogalamu ena ojambulira, monga Photoshop, amalipiridwa mwezi ndi mwezi. Ena, monga Krita, ndi aulere. Kusowa pulogalamu yodula sikudalepheretse mnyamata wina wa ku Nigeria, wodziwika ndi dzina loti Osinachi, amene adaphunzira kujambula pa Microsoft Word, pulogalamu yomwe alembi a m'maofesi amalembera makalata. Mu 2021 zithunzi zake zidagulitsidwa ndi Christie's, kampani yakalekale yogulitsa zaluso pamsika wopikisana mitengo.

Ntchito nazo zilipo, ndipo apa ndi pamene makolo ayenera kutchera khutu. Kuyambira mu 2014, ku Braamfontein kwakhala kukuchitika chikondwerero cha Fak'ugesi, mawu a Chizulu otanthauza kuti ikamo magetsi, chomwe chimasonkhanitsa opanga makatuni, masewero a pakompyuta ndi zojambula zina zamakono ochokera m'maiko ambiri a mu Africa. Mu 2023 kampani ya Netflix idayamba kuonetsa katuni yotchedwa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a ku Lusaka, yomwe adaiyambitsa ndi mlembi wa ku Zambia, Malenga Mulendema, mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Katuni yotere imadyetsa anthu ambiri: wojambula nkhope, wojambula nyumba ndi misewu, wopaka mitundu, woyendetsa zithunzi. Onsewa amalandira malipiro popanda kudikira mzungu wodzaona malo kuti adutse pamsewu.

Komatu dzina la chikondwerero chija lili ndi mbola yake. Mu 2023, South Africa idakhala masiku oposa 300 magetsi akuzimitsidwa mosinthanasinthana, ndipo wojambula wa pakompyuta wopanda batire kapena sola ankangopinda manja pamene mnzake wa makala ndi pepala ankasunthira pafupi ndi zenera n'kupitiriza ntchito. Ngati zidatero ku Joni, mzinda wa golide, kuli bwanji kumudzi kumene foni amakaitchajitsa pagolosale?

Pali chinthu china chimene batani lobwerera m'mbuyo lija limachotsa. William Kentridge, amene adabadwira ku Johannesburg mu 1955, adatchuka ndi mafilimu opangidwa ndi makala. Amajambula chithunzi papepala lalikulu, n'kuchitola ndi kamera, kenaka n'kufufuta pang'ono, kuwonjezera pena, n'kuchitolanso, mpaka zithunzi mazanamazana zitalumikizana kukhala filimu. Makala safufutika kotheratu, choncho paliponse pamene padadutsa munthu kapena mbalame pamatsala chithunzithunzi chotuwa. Mufilimu yake ya mu 1991 yotchedwa Mine, yonena za m'migodi momwe amuna ambiri a ku Malawi adasiyamo mphamvu zawo m'masiku a Wenela, zipsera zimenezi ndizo zimanyamula nkhani yonse: zomwe zidachitika sizichoka, ngakhale wina ayese kuzifufuta. Pakompyuta cholakwa chimasowa osasiya phazi. N'zabwino kwa wofulumira, koma wophunzira amene sadalipirepo cholakwa chake ndi pepala kapena penti amachedwa kuphunzira kuyang'anitsitsa asadalembe mzere. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku kumaphunzitsidwa bwino ndi chipangizo chosakhululuka.

Pankhani ya kukhalitsa, Johannesburg ili ndi zilonda zake. Gerard Sekoto adafika ku Sophiatown mu 1938 n'kuyamba kujambula misewu ndi anthu a m'deralo. Mu 1940 nyumba ya zaluso ya Johannesburg Art Gallery idagula chithunzi chake cha nyumba zachikasu za ku Sophiatown, ndipo chidali choyamba cha munthu wakuda kulowa m'nyumbamo. Sekoto adapita ku Paris mu 1947 ndipo adamwalirira komweko mu 1993 osabwereranso kwawo. Kuyambira mu 1955 boma la tsankho lidasamutsa anthu a ku Sophiatown mokakamiza n'kugumula nyumba zawo. Misewu idapita, chithunzi chidatsala. Koma nyumba yosungira chithunzicho, yomwe idamangidwa ku Joubert Park zaka zoposa 100 zapitazo, idafika potsekedwa kwa kanthawi mu 2017 chifukwa denga linkadontha. Chuma chomwe chidapulumuka m'manja mwa atsamunda chidatsala pang'ono kugonja kwa madzi a mvula.

Choopsa kuposa apo chidagwera Artist Proof Studio, malo ophunzitsirapo achinyamata kusindikiza zithunzi pamanja, omwe Kim Berman ndi Nhlanhla Xaba adakhazikitsa ku Newtown mu 1991. Malowa ndi amene adatsogolera ntchito ya Paper Prayers, yophunzitsa anthu za Edzi kudzera m'zithunzi zomwe ankazipanga okha. M'mwezi wa March 2003 moto udawononga malowo, ntchito za anthu ambiri zidasanduka phulusa, ndipo Xaba adafera m'motomo. Sukuluyo idadzukanso, koma zomwe zidapsa zidapita.

Wokonda kompyuta anganene kuti zikadakhala pa intaneti sizikadapsa. Ndi zoona, pokhapokha ngati wina adazisunga pawiri kapena patatu. Wogwira ntchito kumudzi aliyense akudziwa zithunzi za pulojekiti zomwe zidapita ndi foni yobedwa mu minibasi, kapena zomwe zidatsekeredwa m'kompyuta ya ofesi imene idafa pulojekiti itangotha. Ndani lero ali ndi makina otsegulira tidisiki tija tinkasunga malipoti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000? Pamene ku Chongoni, m'boma la Dedza, zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zidakali pamiyala m'malo 127, ndipo bungwe la UNESCO lidaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Ena mwa adani ake ndi anthu olemba maina awo ndi makala pamwamba pake. Ndipo mu 2018 akatswiri, motsogozedwa ndi Christopher Henshilwood wa ku Witwatersrand, adalengeza za kamwala ka m'phanga la Blombos kolembedwa mizere ndi dothi lofiira zaka pafupifupi 73,000 zapitazo. Palibe fayilo ya pakompyuta imene yayesedwapo ngakhale zaka 100.

Tsono ndalama. Chithunzi cha penti ndi chimodzi. Wogula akachinyamula, chapita, ndipo mtengo wake umachokera pa umodzi womwewo. Billie Zangewa, amene adabadwira ku Blantyre mu 1973, n'kukulira ku Botswana, n'kudzakhazikika ku Johannesburg, sagwiritsa ntchito penti kapena kompyuta pomaliza zithunzi zake. Amadula tizidutswa ta nsalu ya silika n'kutisoka pamanja mpaka patatuluka mayi ali kukhitchini, mwana ali mtulo, kapena nyumba zitalizitali za mumzinda. Mu 2004 adapata mphoto ya Gerard Sekoto pampikisano wa Absa L'Atelier, ndipo ntchito zake zaonetsedwa ku Ulaya ndi ku America. Wogula amalipira msoko uliwonse, podziwa kuti palibe wina ali nacho chofanana nacho. Amayi a m'magulu osoka ndi oluka aone pamenepa kuti singano si chida chonyozeka.

Chithunzi cha pakompyuta chilibe umodzi wotero. Chikangotumizidwa pa WhatsApp, aliyense ali nacho chathunthu, ndipo mwini wake satolapo kanthu. Pofuna kuthana ndi vutoli kudabwera njira yotchedwa NFT, yomwe kwenikweni ndi chiphaso cha pa intaneti chonena kuti uje ndiye mwini chithunzi chakuti, ngakhale ena onse atha kuchiona ndi kuchikopera. M'mwezi wa March 2021 wojambula wa ku America wotchedwa Beeple adagulitsa chiphaso chotere pamtengo wa madola 69 miliyoni, ndipo dziko lidatekeseka. Chaka chotsatira, chiphaso cha chithunzi cha chikalata chomangira Nelson Mandela chidagulidwa pamtengo wa marandi 1.9 miliyoni pofuna kuthandiza Liliesleaf, malo a mbiri ya nkhondo yolimbana ndi tsankho ku Rivonia, omwe adali atatsekedwa chifukwa chosowa ndalama. Chisanathe chaka cha 2022 msika wa ziphasozi udagwa, ndipo ambiri amene adathamangirako adatsala ndi ziphaso zopanda wogula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wachinyamata akauzidwa kuti alipire kaye kuti chithunzi chake chigulitsidwe kunja pa njira imeneyi, ayambe wafunsa kuti wogulayo ndani.

Chaka chomwecho cha 2022 kudatulukira mpikisano wina woopsa, ndipo woyamba kuumva kuwawa ndi wojambula wa pakompyuta, osati wa penti. Awa ndi mapulogalamu a AI, amene munthu amangowalembera mawu ochepa iwo n'kutulutsa chithunzi. Pachionetsero cha boma la Colorado ku America, Jason Allen adapambana mphoto ndi chithunzi chopangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney, ndipo mu 2023 ofesi yoona za umwini wa zaluso m'dzikolo idakana kumulembetsa ngati mwini chithunzicho. Mapulogalamuwa adaphunzitsidwa ndi zithunzi mamiliyoni zotoledwa pa intaneti, zambiri eni ake osapemphedwa. Ndipo popeza pa intaneti zithunzi za midzi ya kuno n'zochepa, makinawo akauzidwa kujambula mlimi wa ku Malawi amatha kutulutsa munthu wovala zachilendo, wogwira khasu la mpini wosadziwika, ataima pafupi ndi nkhokwe imene palibe adaimangapo. Kwa wa mu ofesi chithunzicho chimaoneka chokongola. Kwa mlimi chimangonena kuti uthengawu ndi wa anthu ena.

Apa ndi pamene ogwira ntchito za chitukuko ayenera kukumbukira phunziro lakale lochokera ku Zambia. Cha m'ma 1970, Andreas Fuglesang, wa ku Norway, amene ankagwira ntchito ndi bungwe loona za chakudya ndi kadyedwe koyenera ku Lusaka, adayesa kuonetsa anthu osadziwa kuwerenga zithunzi za chinthu chimodzi zopangidwa m'njira zinayi: cha mizere yokha, cha mthunzi wakuda, chotola ndi kamera chathunthu, ndi chotola ndi kamera koma zakumbuyo zonse zitachotsedwa. Chomwe anthu ambiri adachisankha ndi chomaliziracho. Masiku amenewo kuchotsa zakumbuyo idali ntchito ya sizasi ndi utoto woyera; lero foni wamba imachita zimenezi m'kanthawi kochepa. Mlangizi wa zaulimi amene akufuna kuonetsa kusiyana kwa mbozi ya ntchemberezandonda ndi kapuchi sakusowa katswiri wa penti. Atole mbozi yeniyeni pa tsamba la chimanga cha m'dera lomwelo, achotse zosokoneza, asindikize. Pa ntchito yotere kompyuta yapambana, ndipo palibe chifukwa chokanira.

Khoma la chipatala, la sukulu kapena la nyumba yosungira mbewu ndi nkhani ina. Chinsalu chapulasitiki chosindikizidwa m'tauni chimafika chowala, koma dzuwa la mwezi wa October silichedwa kuchiyeretsa, mphepo imaching'amba m'makona, ndipo tsiku lina chimapezeka chafoleredwa pa khola la nkhuku. Ndalama yake yonse idatsala m'tauni. Wolemba zikwangwani wa pamsika, yemwe uja adajambula mitu ya anthu pa shopu yometera ndi nsomba ya chambo pa lesitilanti, akapatsidwa khomalo amatha masiku angapo ali pamakwerero, ana atamuzungulira, amayi opita kusikelo akumuuza kuti mwana sabelekedwa motero. Pofika tsiku lomaliza, mudzi wonse wakambirana kale uthengawo, ndipo penti ikayamba kusuluka wokonza ali pafupi. Mabungwe ambiri adawataya anthu amenewa mosaganizira, chifukwa chakuti makina osindikizira amapereka lisiti yooneka bwino kwa owerengera ndalama. Limenelo ndi vuto la ofesi, ndipo lithetsedwe mu ofesi momwemo: wolemba zikwangwani naye atha kusaina pepala la mgwirizano.

Pepala limenelo lizinena poyera kuti chithunzicho mwini wake ndani chikatha. Zimachitika kuti mnyamata wajambula khoma limodzi pamtengo wa khoma limodzi, kenaka chithunzi chake n'kupezeka pa makalendala, pa malaya ndi pachikuto cha lipoti lopita kwa opereka thandizo, dzina lake palibe. Ku Malawi lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limateteza zojambula monga momwe limatetezera nyimbo, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe lidayamba ntchito mu 1992, si la oimba okha. Wojambula alembe dzina lake ndi chaka pakona ya khoma, alitole ndi foni likadali latsopano, ndipo chithunzicho achisunge m'malo awiri osiyana.

Za mwana wodzaza makope uja, asathamangitsidwire ku kompyuta yangongole. Pepala, pensulo, makala a pamoto ndi dothi la katondo n'zokwanira kuti aphunzire kuona mmene mbuzi imapindira miyendo ikamagona ndi mmene mthunzi wa mtengo wa mango umasunthira dzuwa likapendeka. Amene waphunzira zimenezi sachedwa kuzolowera cholembera chapulasitiki akadzachipeza ku telesenta kapena kukoleji. Koma amene adayambira pa kudina mabatani amasowa chogwira tsiku lomwe makina akana. Magulu a achinyamata omwe ali ndi tabuleti imodzi ya pulojekiti atha kuikamo pulogalamu yaulere yojambulira n'kumasinthana, bola kope la pepala likhale patsogolo.

Ndipo chithunzi chilichonse, kaya chachokera ku burashi kaya ku kompyuta, chisadalipiridwe chiyambe chapita pamjigo. Wogwira ntchito achionetse kwa amayi khumi, mmodzimmodzi, osawauza kanthu, n'kuwafunsa kuti akuonapo chiyani. Ngati anayi mwa iwo aona mayi akuthira mchere m'ndiwo pamene wojambula amatanthauza mankhwala oyeretsera madzi, chithunzicho chibwerere kwa mwini wake. Pakompyuta kukonzako kudzatenga mphindi zochepa. Pakhoma kudzafuna ndowa ya laimu ndi tsiku lina limodzi la malipiro, zomwe komiti iyenera kuziika mu bajeti ntchito isadayambe.